Mukufuna ana akaone nyanja yamchere: Zalala kapena Ilha de Moçambique?

Mayi wina wa ku Chilomoni watitumizira imelo. Akuti ana ake atatu amangomva za nyanja yamchere ya Indian mkalasi, ku Mangochi apitako kangapo, ndipo tchuthi cha mu Ogasiti akufuna kuti anawo akaione ndi maso. Banjali lili ndi galimoto yaing'ono komanso masiku asanu ndi awiri. Funso lawo ndi ili: kuchokera ku Blantyre kuno apite gombe liti la ku Mozambique, ndipo akonzekere chiyani?

Mayi, mwasankha mwezi wabwino. Kuyambira Meyi mpaka Okutobala kugombe kumakhala kouma ndipo kutentha kwake kumapiririka. Novembala mpaka Epulo ndi nyengo ya mvula ndi anamondwe. Freddy, amene anatiliza ku Chilobwe ndi ku Soche mu Malichi 2023, anatulukira kumtunda pafupi ndi Quelimane, dera lomwe tikukambali. Mu Januwale 2015 mtsinje wa Licungo unaphwasula mlatho wa pa Mocuba, msewu wopita kumpoto n'kuduka. Ndiye ulendo uwu si wa pa Khrisimasi.

Ngati masiku asanu ndi awiriwo ndi athunthu, pitani ku Ilha de Moçambique, chilumba cha m'chigawo cha Nampula. Akachepa kufika anayi, pitani ku Quelimane ndi gombe la Zalala m'chigawo cha Zambézia. Musayese kuphatikiza malo onse awiri, chifukwa ana adzangoona mkati mwa galimoto.

Njira zonse ziwiri zimayambira pamodzi. Mudzuke m'bandakucha, mudutse Limbe, mutenge msewu wa Midima kapena wodzera ku Thyolo mpaka pa Mulanje, kenako pa chipata cha Muloza. Ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 100. Mukawoloka muli pa Milange, pomwe Chichewa ndi Chilomwe zimamveka bwinobwino. Kuchoka apo kukafika pa Mocuba ndi makilomita ochepera pang'ono 200. Pa Mocuba m'pamene njira zimapatukana. Kum'mwera, kudzera pa Nicoadala, mumakafika ku Quelimane mutayenda makilomita pafupifupi 150. Kumpoto, pa msewu wa N1 wodutsa pa Alto Molócuè, mumayenda pafupifupi 400 kukafika mumzinda wa Nampula, kenako ena 180 kudzera pa Namialo ndi Monapo kukafika pachilumba. Ndiye Quelimane ndi wa tsiku limodzi, pomwe Ilha ndi wa masiku awiri, kugona pa Mocuba kapena mu Nampula. Usiku musayende. M'mbali mwa msewu mumakhala anthu apansi, njinga zopanda magetsi ndi malole oonongeka osaika chizindikiro, ndipo dzenje la pa phula simungalione nthawi yabwino.

Za mafuta werengerani chonchi: kupita ku Ilha ndi kubwerera ndi makilomita oyandikira 1,800. Galimoto yoyenda makilomita 12 pa lita imodzi idzamwa malita 150, osawerengera zozungulira. Thanki ikafika theka, thirani pa tauni yoyamba, musadikire yotsatira.

Pachipata m'pamene maulendo ambiri amafera, ndipo kawirikawiri chimakhala chipepala chimodzi chokha. Aliyense, ngakhale mwana wamng'ono, akhale ndi pasipoti yake yomwe sinatsale pang'ono kutha. Mmalawi wopita kukacheza kwa masiku osapitirira 30 safunika viza, koma onetsetsani kuti chidindo cholowera chadindidwa m'pasipoti iliyonse musanachoke pa kauntala. Kapepala ka boda pasi komwe anthu a ku Mulanje amakagulira chimanga pa Milange si koyendera mtunda wautali chonchi. Tengani zikalata zakubadwa za ana, ndipo ngati bambo awo sakupita nawo, kalata yawo yovomereza ingakupulumutseni ku mafunso. Pa galimoto pakufunika bulu buku yeniyeni, laisensi yanu, ndi chikalata cha apolisi chotsimikiza kuti galimotoyo si yobedwa, chomwe muyenera kuchikonza kuno masiku angapo ulendo usanafike. Ngati bulu buku ili m'dzina la munthu wina, la kampani kapena la banki, pakufunikanso kalata ya mwini wake yolola kuti ituluke m'dziko. Tsidya linalo mudzadzaza fomu yolowetsera galimoto kwa kanthawi, ndipo muisunge bwino chifukwa pobwerera adzaifuna.

Chimene chimapusitsa ambiri ndi inshuwalansi. Khadi yachikasu ya COMESA yomwe imagwira ntchito ku Zambia ndi ku Zimbabwe siigwira ku Mozambique, poti dzikolo si membala wa COMESA. Inshuwalansi ya kumeneko imagulidwa pachipata pomwepo, ndipo mulandire chikalata chake m'manja. M'galimoto mukhale matirayango awiri ndi jekete yonyezimira, apolisi apamsewu amazifunsa. Amayenda kumanzere ngati ife, nthawi yawonso ndi yofanana ndi yathu. M'matauni ndi m'malo a malonda musapitirire 60. Akakupezani ndi mlandu pemphani lisiti, mwaulemu, osapsa mtima.

Ndalama yawo ndi metical. Kwacha mukangopitirira Milange ilibe ntchito. Osintha ndalama a pachipata ena ndi achangu pa zala, choncho werengani nokha ndalama zomwe akupatsani musanapereke zanu. Simukhadi ya Vodacom kapena Movitel gulani pa Milange kapena pa Mocuba, amalembetsa ndi pasipoti. Chipwitikizi chochepa chimathandiza: bom dia polonjera m'mawa, quanto custa pofunsa mtengo, obrigada pothokoza inu mayi, bambo amati obrigado.

Quelimane ndi mzinda wa m'mbali mwa mtsinje wa Bons Sinais, dzina lomwe anaupatsa Vasco da Gama mu 1498. Kumeneku n'komwe David Livingstone anathera ulendo wake wodutsa Africa mu 1856. Ndi mzinda wathyathyathya, wodzaza ndi makabaza a njinga zakapalasa, ndipo m'mphepete mwa mtsinje muli tchalitchi chakale cha zaka za m'ma 1700. Nyanja yeniyeni ili ku Zalala, makilomita pafupifupi 30 kuchokera mumzinda, msewu wake wodutsa m'minda ya kokonati. Gombe lake ndi lalitali ndi lotakasuka moti maso amalephera kupeza pothera. Koma ndikuuzeni pasadakhale kuti musakakhumudwe: madzi a ku Zalala si obiriwira ngati a pa zithunzi. Mitsinje ya m'chigawochi imathira matope m'nyanja, ndiye madzi amaoneka odera. Chokoma kumeneko ndi mafunde, mchenga, nsomba zowotcha zongovuulidwa kumene, ndi nkhuku yotchedwa frango à zambeziana, yomwe amainyika mu mkaka wa kokonati, adyo ndi mandimu asanaiike pa makala.

Ilha ndi nkhani ina. Mukafika pa Lumbo, msewu umathera pa mlatho wopitirira makilomita atatu, womangidwa m'zaka za m'ma 1960. Ndi wopapatiza, wa galimoto imodzi, ndipo uli ndi timalo topatukirapo. Mukaona ina ikubwera ndipo kamalo kali pafupi ndi inu, lowani mudikire. Tsitsani magalasi pamenepo, ana anunkhize mchere, aone ngalawa za matanga zikudutsa mbali zonse ziwiri.

Chilumbacho n'chaching'ono, makilomita atatu m'litali, m'lifupi osapitirira theka la kilomita, koma ndicho chinapatsa dzina dziko lonse la Mozambique. Chinali likulu la Apwitikizi m'dzikolo mpaka 1898, pomwe likulu linasamukira ku Lourenço Marques, Maputo wa lero. UNESCO inachiika pa mndandanda wa malo a mbiri ya dziko lonse mu 1991. Galimoto isiyeni pogona, muziyenda wapansi.

Yambani m'mawa kusanatenthe ndi linga la São Sebastião lomwe lili kumapeto a kumpoto. Linayamba kumangidwa mu 1558, ndipo Adatchi analizinga mu 1607 ndi 1608 koma analephera kulilanda. Kwerani pamwamba pa khoma pomwe mizinga yakale idakali chilozere kunyanja. Ana aonetseni ngalande za padenga zomwe zinkatsogolera madzi a mvula m'zitsime zazikulu za mkati mwa linga. Pachilumbapa palibe mtsinje, ndipo asilikali ozingidwa ankakhalira madzi amenewo. Kuseri kwa linga, pa mwala womenyedwa ndi mafunde, pali katchalitchi koyera ka Nossa Senhora do Baluarte ka mu 1522, komwe kamawerengedwa kuti ndi nyumba yakale kwambiri yomangidwa ndi Azungu kum'mwera konse kwa dziko lapansi. N'kakang'ono, kolowa anthu owerengeka, ndipo mphepo imaomba kudzera m'timawindo tooneka ngati mtanda.

Kenako pitani ku Palácio de São Paulo, nyumba yofiira yomwe inayamba ngati sukulu ya ansembe a Chijezwiti mu 1610, pambuyo pake n'kukhala nyumba ya bwanamkubwa. Lero ndi nyumba yosungiramo zinthu zakale: mipando ndi makama osemedwa a ku Goa, ndi machila omwe akuluakulu ankanyamulidwiramo. Pamenepa musathamange. Chilumbachi chinali msika wa minyanga ya njovu ndi wa akapolo, ndipo njira zamalonda za Ayao zochokera kuno kwathu ku nyanja ya Malawi zinkathera kugombe lomweli. Pali munda wachikumbutso wotchedwa Jardim da Memória, pamalo pomwe ankasungira anthu asanawakweze m'zombo. Mwana wa ku Blantyre ataimirira pamenepo, phunziro la mbiri lomwe ankangoloweza limasanduka la anthu akwawo. Kwa ine ichi chokha n'chokwanira kuyendera makilomita 900.

Theka la kum'mwera kwa chilumba ndi Macuti, komwe kumakhala anthu ambiri. Dzinali likuchokera ku masamba a kokonati ofolerera nyumba. Mudzaona kuti nyumba zake zili m'munsi kuposa msewu, chifukwa miyala yomangira mzinda wa Apwitikizi inkakumbidwa pamenepo. Anthu ake ndi Amakhuwa, ambiri Asilamu. Amayi amadzola kumaso ufa woyera wa mtengo wotchedwa musiro, ndipo gule wawo wotchuka ndi tufo. Mukamadutsa m'makwalala mangani chitenje, zovala zosambira zithere kugombe, ndipo musajambule munthu musanapemphe.

Posambira sankhani bwino. Magombe ena a pachilumba penipeni, makamaka mbali ya Macuti, si aukhondo. Madzi oyera mbee ali pa kachilumba ka Goa komwe kuli nsanja ya nyali younikira zombo, ndi ku Chocas tsidya la kumtunda. Amapitako pa ngalawa. Gwirizanani mtengo wopita ndi kubwerera musanakwere, ndipo ngati mulibe majekete oyandamitsa okwanira ana onse, musakwere.

Tsopano chimene ndikufuna muchimvetse kuposa zonse: nyanja yamchere si nyanja ya Malawi. Madzi ake amadzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku, pafupifupi maola asanu ndi limodzi akubwera, ena asanu ndi limodzi akubwerera, ndipo nthawi yake imachedwerako ndi mphindi pafupifupi 50 tsiku lililonse. Mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangooneka kumene, kudzaza ndi kuphwa kumakula kwambiri. Pamene munayala mkeka m'mawa, masana pakhoza kukhala madzi ofika m'chiuno. Ana akatsatira madzi ophwa n'kupita kutali kukatola zigoba, madzi pobwerera amayamba kudzaza m'makwawa a kumbuyo kwawo, iwo n'kutsala pa kamchenga pakati. Galimotonso musaiimike pa mchenga wonyowa, madzi akadzaza ingathere momwemo. M'mawa uliwonse funsani asodzi kapena eni malo ogona kuti madzi adzaza nthawi yanji.

Palinso mkokomo wa madzi obwerera kunyanja. Mafunde akamenya gombe, madziwo amafuna njira yobwerera, ndipo amadzipangira mpata wothamanga ngati mtsinje. Choopsa n'chakuti pamalo pamenepo m'pomwe pamaoneka bata, mafunde osasweka, ndiye mlendo amaganiza kuti m'pabwino pa ana. Wogwidwa nawo asalimbane nawo polunjika kumtunda, amatopa n'kumira. Asambire chopingasa, motsata gombe, mpaka atatulukamo. Ana asapitirire madzi a m'mawondo, ndipo wamkulu mmodzi azikhala chiimire akuwayang'ana, foni ili m'chikwama. M'miyala muli tinthu taminga takuda totchedwa ouriço, minga yake imathyokera m'phazi, choncho agulireni nsapato zapulasitiki ku Limbe musananyamuke.

Likodzo m'madzi amchere mulibe, koma malungo kugombe ndi ochuluka kuposa ku Blantyre kuno. Nyamulani maneti anu ndi mafuta othamangitsa udzudzu, ndipo mwana akatentha thupi, kaya komweko kaya mutabwerako, akayezedwe tsiku lomwelo. Imwani madzi a m'botolo. Zakudya zam'nyanja monga camarão (prawns), nkhanu ndi lula (squid) ana azilawe pang'ono kaye tsiku loyamba, zophikidwa bwino ndi zotentha, poti matupi ena amadana nazo: mukaona zidzolo, kutupa milomo kapena kubanika, thamangirani kuchipatala.

Ena akuuzani za Pemba chifukwa cha kukongola kwa gombe lake. Pemba ali m'chigawo cha Cabo Delgado, komwe kwakhala nkhondo ya zigawenga kuyambira mu Okutobala 2017, ndipo ziwawazo zinafikako m'maboma a Memba ndi Eráti kumpoto kwa Nampula. Ndi ana musapitirire Ilha kulowera kumpoto. Sabata yonyamukira mverani nkhani, ndipo imbirani malo omwe mukagone muwafunse za msewu, eni dera ndiwo amadziwa za lero.

Masiku anu agaweni motere: awiri opita, atatu pachilumba, awiri obwerera. Mukafika kunyumba, galimoto ikatsukidwe kunsi ndi madzi ambiri tsiku lomwelo kapena lotsatira, chifukwa mchere ukakhalitsa m'zitsulo umayambitsa dzimbiri.