Mwandifunsa za mbiri ya mayi anu, mwandikhudza pachilonda

Sabata yathayi ndinalandira imelo ya mayi wina wa ku Area 25. Mayi awo anamwalira chaka chatha atakalamba ndithu, mwezi wamawa akukatsegula chiliza kumudzi, ndiye abale awatuma kuti alembe mbiri koma ngakhale chaka chobadwa sakuchidziwa. Akuti ayambire pati.

Achemwali, imelo yanuyi ndinaiwerengera mu minibasi ndipo ndinapitirira siteji yanga ya pa Mchesi mpaka kondakitala anachita kundigwedeza, chifukwa mwandikumbutsa agogo anga aNangondo, mayi a mayi anga, amene tinakawaika ku Mitundu zaka zitatu zapitazo. Ifenso chaka chawo chobadwa sitikuchidziwa mpaka lero. Pa kalembera wa ziphaso za unzika mu 2017 mnyamata wolembayo atawafunsa, iwo anangoseka nkunena kuti lemba zomwe ukuonazo mwana wanga, ndiye mnyamatayo akanatani, analemba 1 Januwale 1930. Chitupacho anachikulunga mu kapepala ka shuga nkuchibisa mu Baibulo, sanachiyang'anenso.

Koma musaganize kuti analibe kalendala. Anali nayo yawoyawo, yosalakwa. Amati pa njala ya 1949 anali atavinidwa kale, mwana woyamba ali kumsana. Amalume aang'ono anabadwa chaka chimene Kamuzu anamangidwa nkutumizidwa ku Gweru, ndiye kuti 1959. Mayi anga anabadwa "mbendera ya azungu itangotsika", 1964. Agogo aamuna anali a Wenela, bungwe lomwe linkatenga anthu kukagwira ntchito ku migodi, ulendo womaliza ku Joni anabwerako ndi wayilesi ndi bulangete lolemera ngati thumba la chimanga, kenako ndege yonyamula Amalawi ochokera ku migodi itagwa ku Francistown, ku Botswana, mu 1974 boma linaletsa zopita ku migodi, bambo aja anakhala pakhomo, ndipo agogo amati apa mpamene banja linayamba kuvuta poti munthu anazolowera kubwera ngati mlendo. Zimenezi amazinena akuseka uku akusenda nandolo, maso ali pa lichero.

Ndalama nazo, kwacha inabwera 1971 koma iwo K2 amaitchulabe paundi mpaka kufa. Ukawapatsa ya masiku anoyi amaitembenuza uku ndi uku, kuipinda kanayi, kuimanga pa ngodya ya chitenje, mfundo yake yoti iwe ndi mano omwe sungamasule. Ndipo ndalama yomweyo imakubwerera tsiku lonyamuka, akuti ugule nthochi panjira.

Nde tsiku la maliro amalume anaimirira ndi kapepala. Anabadwa 1930, analowa kalasi, anabatizidwa, analowa Chigwirizano, asiya ana asanu, zidzukulu zakuti, zidzukulutudzi zakuti. Basi. Mphindi zitatu sizinakwane. Kenako kuwerenga chipepeso, uje wapereka zakuti, a ku ofesi kwa uje thumba la ufa, zinatenga pafupifupi ola lathunthu dzuwa likuswa mtengo. Ine pamenepo mtima unandiwawa kuposa pamene adzukulu amatsitsa bokosi. Ndinene mosabisa, mbiri zambiri zomwe timawerenga pa maliro kuno si mbiri ayi, ndi fomu, mutha kungosintha dzina nkukaiwerenga pa maliro a gogo wina ku Nathenje palibe angadabwe. Munthu wadutsa njala ya 1949 ndi ya 2002 yomwe, waika ana ake atatu m'manda ndi maso ake, walera ana amasiye a mng'ono wake, inu nkumuthera mu mizere isanu? Ayi ndakana.

Ndipo zomwe tinalimbana nazo pa gulupu ya WhatsApp ya banja muzimve, masiku awiri athunthu kukangana kuti pa matisheti tilembe 1930 kapena 1928, wina mpaka anatuluka mu gulupu. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anakumbuka kunena kuti mayiyu amaphika chigumu mu mphika, makala pansi makala pa chivindikiro, osapserera ngakhale kamodzi, kapena kuti chala chawo chachikulu chinali chakuda chosachoka chifukwa cha kusoka fodya. Kaya kuti Lilongwe amaidziwa idakali kathawuni ka pa mlatho paja, likulu lisanachoke ku Zomba mu 1975, moti titawatengera ku City Centre anayang'ana nyumba zitalizitalizo nkufunsa kuti kutchire kuja nkuno? Ine ndemwe ndine wolakwa, foni ndinali nayo, ndimangoti ndidzawajambula mawu pa Khirisimasi, Khirisimasi yake iti.

Tsono inu muchite chiyani

Za chaka musadwale nazo mutu. Lembani chomwe chili pa chitupa kapena m'kaundula wa ku mpingo, apo ayi nenani kuti anabadwa cha m'ma 1930 ngati ndi mmene zikuonekera, palibe adzakumangeni. Nthawi yanu ithere kwa achikulire amene atsala, mnzawo wa ku Chigwirizano kaya Mvano, alamu awo, atsibweni anu ngati alipo. Osawafunsa zaka, afunseni kuti pa njala anali kuti, ukwati unamangidwa mfumu ili yani, nyimbo yomwe amaikonda ndi iti, ndipo foni ikhale ikujambula. Musankhepo nkhani ziwiri kaya zitatu zokha, zina musungire ana. Mukalemba muwawerengere kaye eni mbumba kuti pasadzakhale mawu pa tsikulo.

Ife chiliza sitinamangebe, simenti yakwera ndipo gulupu ija anthu amangowerenga osayankha. Baibulo lija lili kwa ine, chitupa chidakali momwemo mu kapepala ka shuga, pa Masalimo.