Ng'ombe zotupa minofu: musazithamangire

Achimwene, mwafunsa ngati ng'ombe zotupa minofu zimene mwaona pa Facebook zija zinabayidwa jekeseni, komanso ngati mungaziwete. Ayi, sizinabayidwe jekeseni, ndipo sindingakulangizeni kuti muzibweretse m'khola lanu. Zambiri mwa izo ndi za mtundu wa Belgian Blue, wa ku Belgium. Zimabadwa jini (kachidutswa ka chibadwa kochokera kwa makolo) yotchedwa myostatin ili yowonongeka, pomwe ntchito ya jiniyo ndi kuletsa minofu kukula mopitirira. Ikapanda kugwira ntchito, minofu imangopita ngati galimoto yopanda mabuleki. Asayansi a ku yunivesite ya Johns Hopkins ku America anaizindikira jiniyi mu 1997, ndipo lero ena amaizimitsa dala pogwiritsa ntchito njira yosinthira majini yotchedwa CRISPR pa nkhumba, nkhosa ndi mbuzi, ngakhale zambiri zikadali m'malo ofufuzira. Ku Japan, nsomba yosinthidwa motere inayamba kugulitsidwa mu 2021.

Vuto lalikulu lili pobereka. Thole limakula kwambiri m'mimba, moti ng'ombe zambiri za Belgian Blue zimabereka mochitidwa opaleshoni. Ine ndaziona pa mbuzi chabe: kambuzi kathu kakang'ono kakakweredwa ndi tonde wa mtundu waukulu wa Boer, nthawi zina mwana amakakamira usiku, dokotala ali kutali. Nanga ng'ombe? Komanso msipu wouma wa mu Okutobala ng'ombe za Belgian Blue sizingaupirire, osanenanso za kutentha ndi nkhupakupa.

Ngati mukufuna nyama yambiri, yambani ndi madeya, dibi ndi mankhwala a nyongolotsi. Musanagule nkhunzi kapena umuna wa mtundu wachilendo, itanani alangizi a ziweto a m'dera lanu kapena dokotala wa ziweto adzaone kaye ngati ng'ombe zanu zazikazi zingakwanitse kubereka thole lalikulu.