Akuti ndi i7, koma kodi FIFA iyenda?

FUNSO: Zikomo akulu. Munthu wina akugulitsa kompyuta yapadesiki yogwiritsidwapo kale ntchito, Dell OptiPlex 9020 ya kabokosi kopyapyala kaja. Akuti ndi Core i7-4770, RAM 8GB, hard drive ya 500GB, ndipo pa Facebook walemba kuti ndi ya magemu. Ine ndikuifunira FIFA 23 ndi GTA V basi. Mtengo umene akutchula ukumaliza ndalama zonse zimene ndasunga. Ndigule? — Wowerenga, Chilomoni, Blantyre

YANKHO: Achimwene, ndalamazo zikhale kaye m'thumba. Makina amenewa ndi olimba, sindikukana, koma a Dell anawapangira ntchito za mu ofesi: makalata, Excel, intaneti. Pa zonse zimene wogulitsayo watchula, walumpha chinthu chimene gemu imadalira kwambiri, graphics card, khadi lopanga zithunzi za pa sikirini. Wogulitsa akakhala chete pa khadi limeneli, nthawi zambiri ndiye kuti mulibe. Zithunzi zikuchokera pa ka Intel HD 4600 ka m'kati mwa processor. Kameneko GTA V kangaikoke movutikira mutatsitsa zonse mpaka pansi, koma za FIFA 23 ingoiwalani.

Zimandiwawa ndikamaona anyamata akutaya ndalama za thukuta lawo atangomva kuti i7. Muziyang'ana nambala yotsatirayo. 4770 ndi ya m'badwo wachinayi, inatuluka mu 2013, moti Core i3-10100 ya 2020 imaiposa. Komabe si yotaya ayi. Ili ndi ma core anayi, ndipo GTA V, imene inafika pa kompyuta mu 2015, imayenda nayo bwinobwino ikapeza khadi labwino. FIFA 23 ndiyo yovutirapo. A EA, kampani imene inapanga gemuyi, analemba kuti imafuna khadi la GTX 1050 Ti la 4GB kapena loposa pamenepo, RAM 8GB, malo okwana 100GB ndi processor ya i5-6600K, imene ndi yatsopano poyerekeza ndi yanuyo. Ngakhale mutaikamo khadi, mudzakhala pamalire penipeni.

Tsono vuto lenileni ndi kabokosiko. M'kati mwake ndi mopanikizika, khadi lalitali silingalowe, pamafunika lalifupi limene amalitcha low profile. Power supply yake ndi ya 255W ndipo ilibe chingwe chopatsira khadi magetsi owonjezera, choncho mungasankhe pakati pa makhadi amene sadya kupitirira 75W, monga GTX 1050 Ti kapena GTX 1650. Aafupi oterewa sapezeka wamba. Bokosi lalikulu la mtundu womwewu likanakupatsani mpata wokwanira. Wina akakuuzani kuti aikamo GT 710 kapena GT 730, musasangalale, amenewo ntchito yawo ndi kungotulutsa chithunzi pa sikirini.

Chenjeraninso ndi makhadi achinyengo. Alipo akalekale amene anthu amawasintha dzina kuti kompyuta iziwawerenga ngati GTX 1050 Ti. Lenilenilo lilibe polumikizira VGA, pa buluu paja. Mukapaona, bwezani. Kapulogalamu kaulere ka GPU-Z nakonso kamagwira ambiri mwa akuba amenewa.

Mukapita kukaiona, chitani ngati pa kaunjika pomwe chovala timayamba tachitembenuza. Auzeni aiyatse inu muli pompo. Tsegulani Task Manager, pitani pa Performance, muwerenge nokha dzina la processor, kuchuluka kwa RAM ndi zimene zalembedwa pa GPU, pamene pamaoneka dzina la khadi. Tengani pulogalamu ya CrystalDiskInfo pa flash, ikuuzani maola amene hard drive yagwira ntchito. Ikalemba Caution mwachikasu, ndiye kuti yatopa. Atsegule chivundikiro cha m'mbali muone ngati fani yadzaza fumbi, komanso ngati timabotolo tating'ono ta pa motherboard tatupa pamwamba. Kenako muisiye igwire ntchito yolemetsa kwa theka la ola, mumve phokoso lake, muone ngati sikuzima yokha. Wokana zimenezi ali ndi chimene akubisa.

Chinanso, a Microsoft anasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imavomereza ma processor a Intel kuyambira m'badwo wachisanu ndi chitatu. Iyiyi ili kunja kwa mpanda umenewo, ndipo mtengo wake uyenera kutsika pa chifukwa chimenechi.

Ine ndikuti pa mtengo womaliza ndalama zanu zonse, musagule. Mukafika nayo kunyumba mudzafunabe khadi, SSD, chosungira mafayilo chothamanga kuposa hard drive, kuti isamachedwe, ndi surge protector chifukwa cha kuzimazima kwa magetsi kwathu kuno. Yambani mwafunsa mitengo ya zitatuzi m'mashopu a ku Limbe, muphatikize ndi wa bokosilo. Zonse pamodzi zikayandikira mtengo wa bokosi lalikulu lokhala ndi processor ya m'badwo wachisanu ndi chitatu, i5-8400 kapena i5-8500, komanso khadi lake m'katimo, dikirani pang'ono mugule limenelo. Wogulitsayo akavomera kutsitsa kufika pa mtengo wa kompyuta ya mu ofesi, ndipo khadi lalifupi mwalipeza kale, pitani nalo komweko mukaliyesere m'bokosimo musanalipire.