Chifukwa chiyani rodi ikuboola chubu, ndipo geti yapindikiranji?

Bambo wina wa ku Mchinji wanditumizira imelo. Anagula makina owotcherera a inverter kuti azipanga tinthu ta pakhomo Loweruka, ndipo ntchito yoyamba ndi geti yaing'ono ya kumpanda. Akuti: "Ndikugwiritsa ntchito ma chubu a mamilimita 25 kwa 25 ndi rodi ya mamilimita 3.2. Ndikatsitsa moto rodi ikumata, ndikakweza ikuboola chitsulo. Felemu nditaimaliza yapezeka kuti yapendama, siikukhala bwino pansi. Kodi makinawa ndi achinyengo?"

Bambo, musafulumire kubweza makinawo. Kuboola ndi kupendama mwatchulaku kukuchokera pa chinthu chimodzi: kutentha kukuchuluka pamalo amodzi pa chitsulo chopyapyala.

Tiyambe ndi rodi. Ya 3.2 imafuna ma amp (mphamvu ya moto imene mumaikweza ndi batani la pa makina) pakati pa 90 ndi 130 kuti iyake bwino. Ma chubu ambiri a 25 kwa 25 amene amagulitsidwa m'mahadiweya khoma lake limakhala la mamilimita 1.2 kapena 1.6, ena kucheperapo. Chitsulo chotere sichingapirire moto wa 110. Mukatsitsa kufika pa 60 kuti chubu chisabooke, motowo sukwananso kusungunula rodi yonenepayo, ndiye imamata. Palibe nambala pa makinawo imene ingagwirizanitse rodi ya 3.2 ndi chubu cha 1.2, ngakhale mutapotokola batani tsiku lonse.

Gulani rodi za mtundu wa E6013 za 2.5, ndipo ngati zikupezeka tenganinso za 2.0. Pa khoma la 1.6, rodi ya 2.5 iyambireni pa 60 mpaka 70. Pa khoma la 1.2, ya 2.0 pa 40 mpaka 50 ndiyo imachita bwino. Manambala olembedwa pa makina otsika mtengo nthawi zambiri sakhala enieni, choncho tengani zidutswa zotsala, yesani, muzikweza pang'onopang'ono ndi 5 mpaka rodi isiye kumata. Pomwe yasiyira kumata m'pamene muyenera kuima. Rodi za 3.2 zisungeni, zidzagwira ntchito pa angle iron ndi pa mizati yochindikala.

Makina a inverter amatulutsa magetsi a DC, okhala ndi mbali ya positive ndi ya negative, ndiye pali kanthu kena kothandiza. Lumikizani chogwirira rodi ku negative, earth (nthambo yopanitsa pa chitsulo chimene mukuwotcherera) ku positive. Mukatero moto sulowa mozama kwambiri m'chitsulo, ndipo E6013 imalola kulumikiza kotereku. Pa zitsulo zochindikala mubwezere monga zinalili.

Koma kumata kwa rodi sikuchokera pa batani lokha ayi. Onani nthambo imene ikubweretsa magetsi. Ekistenshoni yaitali ya waya woonda wa 1.5, ija timalumikizira wailesi ndi mafoni, imafooketsa magetsi isanawafikitse pa makina, komanso imatentha. Ikhale ya waya wa 2.5 kapena kuposa, yaifupi, ndipo muitambasule yonse, osaisiya yokulungidwa. Madzulo pamene aliyense akuphika magetsi a ESCOM amafooka m'madera ena, ndiye makina omwe anayaka bwino m'mawa akhoza kumavuta. Earth nayo imanyozedwa kwambiri. Anthu amaipanitsa pa chitsulo cha dzimbiri kapena cha penti, ena amangotsamiritsa kachitsulo, kenako n'kumadabwa. Palani ndi grinder pamalo pamene mupanitse mpaka pawale, ndipo pakhale pafupi ndi pomwe mukuwotcherera. Rodi zonyowa ndi chinyezi cha nthawi ya dzinja zimathetheka, zimavuta kuyatsa ndipo zimasiya timabowo ting'onoting'ono. Zisungeni m'nyumba, m'chigubu chotsekeka, osati pa simenti.

Tsopano dzanja. Pa chitsulo chopyapyala musayembekezere kukoka mzere umodzi wautali kuchoka uku kufika uko. Yatsani, dikirani kamphindi kosakwana sekondi imodzi kuti mbali zonse ziwiri zisungunuke, chotsani. Kufiira kukayamba kuzilala, yatsaninso pa theka la dontho loyambalo, rodi ikadali yotentha imayaka mosavuta. Madonthowo azikwerana mpaka mzere uthe. Mpata wa pakati pa nsonga ya rodi ndi chitsulo ukhale waufupi, wosaposa kunenepa kwa rodiyo. Ongoyamba kumene amaikweza m'mwamba poopa kumata, osadziwa kuti moto wautali ndi umene umamwazika n'kudya m'mbali. Rodi ipendekeke pang'ono, madigiri 10 kapena 15, ndipo muziikoka, osaikankha, kuti slag, zinyalala zochokera ku chikopa cha rodi, izitsalira m'mbuyo.

Pamene chubu chodulidwa chakumana ndi mbali ya chinzake, chimene chimayamba kupsa ndi m'mphepete modulidwamo, chifukwa kutentha kulibe kothawira. Lozetsani rodi kwambiri ku chubu chosadulidwacho, chitsulo chosungunuka chidzafika chokha ku chinacho. Ndipo dulani mosamala. Mpata woposa milimita imodzi pa chubu cha 1.2 ndi bowo kale musanayatse n'komwe. Mphindi zisanu zokonza ndi grinder kuti zitsulo zikhudzane zimapulumutsa ola lathunthu lotseka mabowo.

Bowo likachitika, lekani pomwepo, chizizire. Gogodani slag yonse, ija imauma pamwamba ngati nkhoko za mumphika, palani ndi bulashi ya waya. Kenako ikani timadontho m'mbali mwa bowolo mozungulira, kupumira pakati, mpaka litsekeke. Amisiri ambiri amatenga rodi ina, kuisadzula chikopa chake, n'kuigwira ndi dzanja lamanzere kuti izisungunukira m'bowomo. Zimathandiza. Chimene sindifuna muchite ndi kuwotcherera pamwamba pa slag. Kunja kumaoneka ngati kwagwira, koma m'kati muli zinyalala, ndipo geti imadzathyokera pomwepo.

Za kupendama kwa felemu. Chitsulo chikatentha chimafutukuka, chikamazizira chimakhwinyata n'kukokera mbali imene mwawotchererayo. Mukamaliza kona imodzi mbali zonse zinayi musanagwire zinazo, konayo imatseka yokha ndi madigiri angapo, ndipo pofika pa kona yachinayi zinthu zasokonekera kale. Yalani zitsulo zonse pamalo osalala, pansi pa simenti yabwino kapena pa tebulo lachitsulo. Ikani kadontho kamodzi pa kona iliyonse. Tengani tepi, yezani kuchoka kona ina kufika yopingasana nayo, kenako ziwiri zinazo. Miyezo iwiriyi ifanane, kusiyana kusapose mamilimita 2 kapena 3. Ngati yasiyana, gogodani pang'ono kona ya mbali yaitaliyo, timadonthoto timalola. Wonjezerani dontho lachiwiri pa kona iliyonse, yezaninso, tembenuzani felemu, ikani madontho kumbuyonso. Apa m'pamene mungayambe kuwotcherera kwenikweni, modumphadumpha: kona iyi, kenako yopingasana nayo, kenako mutembenuze. M'kati mwa kona muzimalizira, chifukwa ndi mmene mumakoka kwambiri. Musathire madzi kuti chizizire msanga.

Felemu yanu yapindika kaleyo siinatayike. Dulani ndi grinder zowotcherera za m'kati mwa makona awiri opingasana, kokani mbali yaitaliyo ndi lamba womangira katundu kapena chingwe chopotokola ndi kamtengo mpaka miyezo ifanane, ndiye mugwirenso ndi madontho. Ngati yapotoka moti kona imodzi ikunyamuka pansi, ikani njerwa pansi pa makona awiri otsikawo n'kupondereza okwerawo pang'onopang'ono. Komabe kunena zoona, 25 kwa 25 ndi yochepa pa felemu ya geti. Imayenera zitsulo za m'kati. Felemu ikanakhala 40 kwa 40 ya khoma la 1.6 kapena 2. Ngati mupitirize ndi yomweyi, ikani chitsulo chopingasa kuchoka ku kona ya pansi ya mbali ya mahinji kukafika ku kona ya m'mwamba ya mbali ya loko, ndipo pomwe pakhale hinji muyambe mwawotchererapo kachidutswa ka flat bar ya mamilimita 3, apo ayi hinji idzang'amba chubu.

Maso anu, bambo. Magalasi a dzuwa amene timaona ena atavala m'mbali mwa msewu sateteza mokwanira, ndipo nkhope yonse imatsala pamtunda. Pezani helimeti yowotcherera ya galasi lakuda la nambala 10 kapena 11. Kupsa kwa maso sikumveka nthawi yomweyo, kumadzabwera usiku ngati mwalowa mchenga. Zikatero musathiremo chilichonse cha m'khitchini, ndipo ululu ukakula kapena ukapitirira tsiku, pitani kuchipatala. Ana amakonda kuzungulira munthu wowotcherera, athamangitseni. Valani magulovu achikopa ndi zovala za thonje za manja aatali, nayiloni imasungunukira pakhungu. Chitsulo cha galvanised muyambe mwapala zinki yake ndipo muwotcherere panja, utsi wake woyera umadwalitsa. Mgolo kapena thanki imene munakhalapo petulo musaiyandikize moto ngakhale ikuoneka youma, mpweya wotsalamo umaphulika.

Geti ikatha, chotsani slag paliponse, pukutani mafuta a pa chubu ndi thinner, pakani red oxide yoteteza ku dzimbiri tsiku lomwelo, kenako penti kawiri. Pamwamba pa ma chubu oimirira mutseke kuti mvula isalowe, ndipo pa chitsulo cha pansi boolani timabowo tiwiri ta mamilimita 5 toti madzi azitulukira.