Obama ndi mabanki aja

Achimwene, mwafunsa kuti poti Obama anali wa chipani cha Democrat chomwe chimadziwika kuti chimakomera anthu wamba, zinatheka bwanji kuti omenyera ogwira ntchito ndi osauka ndi amene ankamuthira mphepo. Nkhani yake inali mabanki basi. Ndalama zopulumutsa mabanki, madola 700 biliyoni, anasainira ndi Bush mu Okutobala 2008 inde, koma Obama atalowa anangopitiliza, kenako nkutenga Timothy Geithner yemwe ankatsogolera nthambi ya ku New York ya Federal Reserve, banki yaikulu ya dziko la America, kukhala nduna ya zachuma, anthu anati aaa fisi wapatsidwa khola la mbuzi.

Mu Marichi 2009 kampani ya inshuwaransi ya AIG itapulumutsidwa ndi ndalama za misonkho inagawa mabonasi a madola 165 miliyoni kwa mabwana ake, pamene mamiliyoni a mabanja akulandidwa nyumba poti alephera kubweza ngongole, thandizo lawo linali lochepa ndipo linkabwera mwaulesi. Katswiri wa zachuma Paul Krugman naye ankati madola 787 biliyoni omwe Obama anasainira kuti atukulire chuma anachepa.

Mkwiyo umenewu ndi womwe unadzaphulika mu 2011 pa zionetsero zotsutsa mabanki za Occupy Wall Street. Ine ndimaona kuti pa nyumbazo Obama analakwitsadi.