Mnyamata wanga akutokosa zitosi za nkhuku: kodi muli ntchito m'menemu?

Mayi wina wa ku Ulónguè, m'boma la Angónia, walemba kuti: "Mnyamata wanga wa kalasi ya 10 anawerenga pa intaneti za njoka za m'thupi zimene zimadwalitsa mbalame zakuda zakutchire ku Ulaya. Tsopano akungokhalira kutokosa zitosi za nkhuku, ati adzaphunzira zimenezo. Kodi zoterezi munthu n'kudyerapo?"

Mayi, musamuletse. Mbalame anawerengayo, Turdus merula, kuno ku Tete kulibe, koma imodzi mwa njoka zake imagwiranso nkhuku. Dzina lake ndi Syngamus trachea. Ndi kanjoka kofiira komwe kamamatirira m'kholingo n'kumayamwa magazi, kakamuna ndi kakakazi titalumikizana ngati chilembo Y. Mbalame imakatenga ikadya nyongolotsi kapena nkhono zimene zinameza mazira ake. Mwanapiye wogwidwa amatalikitsa khosi, kuyasama, kupukusa mutu, mpweya ukumuthawa. Pakhomo timathamangira kunena kuti ndi chitopa, chonsecho chitopa chimabwera ndi vairasi, ndipo katemera wake sagwira njoka. Amene angasiyanitse bwino ndi woika chitosi pa maikulosikopu n'kuwaona mazirawo. Anthu otere timawasowa.

Posankha gulu la maphunziro ku sekondale atenge la Biologia ndi Química, pakuti mayeso olowera ku Faculdade de Veterinária (sukulu ya madokotala a ziweto) ya Universidade Eduardo Mondlane ku Maputo amatsamira pamenepo. Maputo ikakulemerani m'thumba, yunivesite ya UniZambeze ili ndi Faculdade de Ciências Agrárias ku Ulónguè komweko, kumene amaphunzitsa zaulimi ndi ziweto. Chingerezi asachitaye, kafukufuku wambiri wa njokazi amalembedwa m'chinenerocho.

Ndisakunamizeni: ntchito yofufuza mbalame zakutchire zokha ndi yosowa, ndipo imafuna digiri yachiwiri. N'chifukwa chake ndikuti ayambe wakhala dokotala wa ziweto. Akatero angagwire ku SDAE (ofesi yoona za ulimi ndi chuma) m'maboma, m'mafamu a nkhuku, kumalo ofufuzira za ziweto a IIAM (bungwe la boma lofufuza za ulimi) ku Angónia, kapena kumalo osungira nyama monga Parque Nacional do Mágoè, yomwe inakhazikitsidwa mu 2013. Mbalame zake zakutchire adzazipeza ali kale pamalipiro.

Pakadali pano mugulireni kope, azilemba tsiku, msinkhu wa nkhuku yodwala, zizindikiro, ndiponso ngati kwagwa mvula. Azisamba m'manja ndi sopo akagwira zitosi. Akapeza mbalame zitafa zokha m'tchire asazitole, akauze alangizi a ziweto.