Piritsi la BP ndi mpikisano wa madoda ku Senga Bay

Achimwene ena a ku Nkhotakota anditumizira imelo. Ali ndi zaka 52, amadwala mphumu, amapopera salbutamol asanalowe m'madzi, ndipo mnzawo wawauza kuti kumeneko n'kubera. Akufunsa ngati malamulo oletsa mankhwala owonjezera mphamvu akutikhudza ife akuluakulu osambira osalipidwa.

Achimwene, mwandiponda pachilonda.

Chaka chatha mu Okutobala, mwera utaleka, madoda 7 tinapikisana ku Senga Bay, kukazungulira bwato n'kubwerera kumtunda. Mphoto yake chambo chowotcha ndi Fanta. Ndinafika woyamba, ine ndi mimba yangayi. Ndikudzipukuta, mkulu wina amene anandiona m'mawa ndikumeza piritsi anati, "Awatu apanga mankhwala." Anthu anafa nacho chiseko, ena poyesa akunena za kwa sing'anga ngati pa mpira wa kumudzi. Ine chambo chija sichinandikomere. Piritsilo linali hydrochlorothiazide, la BP, lomwe ndalimwa zaka 6 tsopano.

Chondiwawa n'chakuti mkuluyo, mosadziwa, analasa. Mankhwalawa alidi pamndandanda wa zoletsedwa wa WADA, bungwe lolimbana ndi mankhwala owonjezera mphamvu pamasewero padziko lonse, lomwe linakhazikitsidwa mu 1999 ndipo likulu lake lili ku Montreal. Sakupatsa mphamvu ayi. Amangokukodzetsa kwambiri, ndiye achinyengo amawamwa kuti mkodzo usungunuke, zomwe anabaya zisaoneke. Lamulo lawo nalonso ndi louma: chopezeka mumkodzo mwako ndi mlandu wako, kaya unadziwa kaya ayi. Wodwala zenizeni amapempha chilolezo chotchedwa TUE, ndi makalata a dokotala.

Ku World Aquatics, bungwe la masewero osambira padziko lonse lomwe mpaka 2022 linkatchedwa FINA, gulu la akuluakulu lotchedwa Masters limayambira zaka 25, ndipo mulinso agogo opitirira 80. Tandiuzeni, agogo otero opanda piritsi m'thumba alipo angati? Shuga, BP, mtima, mawondo. Poyamba ndinkati lamulo ndi lamulo. Pano ndakana. Kutenga mndandanda wolembera ofuna golide wa Olympics n'kuupachika pa madoda olimbirana chambo ndi misala. Ndipo adzayeza ndani? Malawi muno mulibe labu yovomerezedwa ndi WADA, mkodzo uyenera kukwera ndege. Pamene ife tikulephera ngakhale kukayezetsa likodzo, lomwe tonse a m'mbali mwa nyanja timalidziwa bwino.

Musandimve molakwa. Bambo wa zaka 55 wobaya testosterone, mankhwala okulitsa minofu, popanda matenda kuti agonjetse anzake ndi mbava, ngakhale mphoto itakhala chinangwa. Ameneyo sitifuna labu, tingomukana pagulu, azikasambira yekha.

Tsono za mphumu yanu

Salbutamol wopopera ndi wololedwa, osapitirira mamaikirogiramu 1,600 pa maola 24, komanso 600 pa maola 8. Kawirikawiri kupopera kamodzi ndi 100, onani pabotolo lanu. Salbutamol wa mapiritsi ndiye woletsedwa, ndipo prednisolone womeza, yemwenso amaperekedwa pa mphumu, saloledwa pa nthawi ya mpikisano. Mukalowa mpikisano wa bungwe, funsani za TUE nthawi ikadalipo, ndipo kabuku kanu ka kuchipatala kasamasowe m'chikwama. Mankhwala musasiye chifukwa cha pakamwa pa mnzanuyo, mphumu ikakugwirani pakati pa nyanja iye adzakhala ali kumtunda.